Kodi vuto ndi ulesi, kapena ndi kalembedwe ka cholinga?

Mayi ena amene amawerenga zolemba zanga anditumizira imelo yodandaula kuti chaka chilichonse amalemba zolinga zawo m'kope, monga kuwerenga mabuku ambiri, kusunga ndalama ndiponso kulimbitsa thupi, koma pofika mwezi wa Malichi zonse zimakhala zitazilala. Funso lawo ndi lakuti: "Kodi ineyo ndine waulesi?"

Mayi, ine sindikukhulupirira kuti vuto lanu ndi ulesi. Zimene mwalembazo ndi zokhumba chabe, chifukwa palibe usiku umene mungagone mukudziwa ngati tsikulo mwachita kapena mwalephera. Mabuku ambiri ndi angati? Edwin Locke, katswiri wa maphunziro a maganizo amene anayamba kufufuza nkhaniyi m'zaka za m'ma 1960 ndipo pambuyo pake anagwira ntchito limodzi ndi Gary Latham, anapeza kuti anthu amene apatsidwa cholinga chotchulidwa momveka komanso chovutirapo amachita bwino kuposa anzawo amene angouzidwa kuti ayesetse mmene angathere. Mawu akuti chovutirapo musawadumphe, pakuti cholinga chofewa kwambiri sichidzutsa munthu.

Titenge za mabukuzo. M'malo molemba kuti mudzawerenga kwambiri, lembani kuti muziwerenga masamba 10 tsiku lililonse. Masambawo amaoneka ochepa moti mwina mungawaseke, komabe pa masiku 30 amakwana 300, kutanthauza buku lathunthu lokula ndithu. Zikatero cholinga chamveka, koma chikusowabe nthawi ndi malo ake, ndipo apa ndi pamene ambiri amagwera. Peter Gollwitzer, katswiri wa ku Germany, anasonyeza kuti munthu amene wakonzeratu kuti "chakuti chikachitika, ndichita chakuti" amakwaniritsa zimene wafuna kawirikawiri kuposa amene wangotsimikiza mumtima. Choncho lembani motere: ndikangotsuka mano usiku, ndisiya foni m'chipinda china, ndikhala pampando ndi kuwerenga masamba 10. Bukulo lizikhala pampando pomwepo, chizindikiro chili pa tsamba limene munalekezera, kuti nthawiyo ikakwana pasakhale chofunafuna kapena chokambirana ndi mtima wanu, umene usiku umadziwa kupereka zifukwa zokoma.

Za zolinga zitatu nthawi imodzi sindichulukitsa mawu, popeza mapanga awiri avumbwitsa. Sankhani chimodzi, zinazo zidikire mpaka choyambacho chitazolowereka.

Mungafunse kuti munthu angadziwe bwanji kuti cholinga ndi chotheka. Ine ndimayang'ana zimene munthuyo anachitadi mwezi wathawu, osati zimene akulota kuti angachite. Ngati simunatsegule buku n'komwe, masamba 50 patsiku n'kudzinamiza, pamene 10 angakutambasuleni pang'ono osakuthyolani. Ambirife timayerekeza kuti ntchito itenga nthawi yochepa kuposa imene imatengadi, ndipo timaiwala kuti kudzabwera matenda, alendo ndi kutopa.

N'chifukwa chake ndikupempha kuti mulemberetu zimene mudzachite tsiku limene mwaphonya. Musadzawerenge masamba 20 pobweza ngongole ya dzulo, chifukwa ngongole yotero ikachuluka ndi imene imachititsa munthu kubisa kope lija. Mudzangowerenga masamba 10 a tsikulo ndi kuika chizindikiro pa kalendala. Pakatha milungu inayi muwerengere zizindikirozo. Ngati zili zosakwana theka la masikuwo, tsitsani masambawo akhale asanu, kapena sinthani nthawi yowerengera ikhale ya m'mawa.