Bwanji amayi amachedwa kuyamba sikelo?

Funso: Ndine mlangizi wa zaumoyo kumudzi. Timagawa timapepala tolimbikitsa amayi kuyamba sikelo mimba isanakwane miyezi 3, koma ambiri amabwera ili ndi miyezi 5 kapena 6. Vuto lili pati? Wowerenga wa ku Ntcheu.

Yankho: Alangizi, vuto si umbuli ayi. Kwathu kuno nkhani ya pakati siyambira papepala. Mtsikana amayamba wauza amayi ake, agogo kapena anankungwi, ndipo ambiri amamulangiza kuti asaulule msanga poopa nsanje ndi ufiti. Kuoneka pamzere wa sikelo, kwa iye, ndi kuulula kumene.

Choncho yambani ndi akuluakuluwo. Pemphani amfumu akuitanireni anankungwi, muwafotokozere zomwe zimachitika paulendo woyamba, masabata 12 asanathe: kuyeza kuchuluka kwa magazi, HIV ndi chindoko, kulandira mapiritsi owonjezera magazi komanso neti yoteteza ku udzudzu. Musanyoze miyambo yawo. Mukatero adzagwedeza mutu mwaulemu, uthenga wanu n'kuthera pomwepo.

Amayi kambani nawo paokha, chifukwa pamaso pa amuna kapena apongozi safunsa kanthu. Wamanyazi mupatseni nambala yaulere ya Chipatala Cha Pa Foni, afunse popanda womuona.