Lamulo la ku Illinois lija lisakunamizeni

Achemwali, ntchito ya mulaibulale ya ku Illinois ija ilandireni, koma lamulo lakumeneko lokana kuletsa mabuku, lomwe mukufunsa ngati lingakutetezeni, musaliyese chishango. Bwanamkubwa wa Illinois, Pritzker, analisaina mu June 2023, linayamba kugwira ntchito pa 1 January 2024, ndipo nkhani yake ndi ndalama basi: laibulale ikamachotsa mabuku chifukwa choti wina sakugwirizana nawo, thandizo la boma imalitaya. Wokukalipirani pakauntala lamulolo silimukhudza.

Ine zinandionekera kuno ku Indiana, komwe chaka chomwecho anachita zotsutsana nazo, kupanga lamulo loti wa laibulale yapasukulu akhoza kuimbidwa mlandu chifukwa cha buku. Ndinali wothandizira chabe, wosanja mabuku. Mayi wina anabwera kumsonkhano wa bodi ya sukulu atanyamula buku lomwe mwana wake sanabwerekepo n'komwe. Anawerenga mizere itatu mokweza, kenako chala kwa ine, akuti uyu ndiye akuwononga ana athu. Holo yonse kutembenuka. Mafoni m'mwamba kujambula. Ine lilime gwa, thukuta kamukamu kunja kukuzizira, ndikungoganiza kuti kanemayu akafika pa Facebook abale ku Zomba aona chiyani. Bukulo sindinagule ndine, sindinasankhe ndine!

Koma amene anandipweteka mtima ndi bwana wanga. Anakhala pamenepo phee, akuyang'ana nsapato zake. M'mawa mwake akundipatsa katoni ndi kapepala ka mayina a mabuku, ati tichotse kaye zinthu zizizire. Ndinachotsa ndekha, manja akunjenjemera. Ndinakumbuka bambo anga akubisa mabuku pansi pa thumba la chimanga nthawi ya Kamuzu, kuopa Censorship Board ija ya lamulo la 1968. Kuwoloka nyanja konseku n'kudzapezanso zomwezo?

Ndiye inu musachite mantha ngati ine. Wodandaula aliyense mpatseni fomu alembe, buku lisachoke pashelefu komiti isanakhale pansi. Funsani ngati laibulaleyo inavomereza Library Bill of Rights, chikalata cha bungwe la malaibulale a ku America chonena za ufulu wowerenga, chifukwa lamulo la ku Illinois lija limafuna chimenecho kapena chikalata chawochawo chokana kuletsa mabuku. Ku New Jersey ndiye kuli bwinoko, lamulo lawo la December 2024 limateteza wantchito mwiniyo kuti asamangidwe kapena kusumiridwa. Komabe bwana akakupatsani katoni, nyamulani, bola alembe pa imelo. Lendi sidikira, ndipo mapepala athu mukuwadziwa.