Ulendo wokaona ziboliboli za ayezi ku Harbin: yankho kwa achemwali opita ku Guangzhou

Achemwali, mwafunsa ngati n'zotheka kupatula masiku ochepa pa ulendo wanu wokaoda katundu ku Guangzhou mu Januwale kuti mukaone chikondwerero cha ziboliboli za ayezi ku Harbin, komanso zoti mukavale. N'zotheka ndithu. Kungoti Harbin ili kutali, kumpoto chakum'mawa kwa China, m'chigawo cha Heilongjiang chochita malire ndi Russia. Pandege kuchokera ku Guangzhou ndi maola oposa 4. Amene akuchokera ku Beijing akwere sitima yothamanga, maola pafupifupi 5.

Masiku atatu akukwanirani. Mwambo wotsegulira umachitika pa 5 Januwale chaka chilichonse, ngakhale malo aakulu amayamba kulandira anthu chakumapeto kwa Disembala. Pewani sabata ya Chaka Chatsopano cha ku China, chomwe chimagwa pakati pa 21 Januwale ndi 20 Febuluwale: matikiti a ndege ndi sitima amatha msanga, mahotela amakweza mitengo.

Malo amene mumawaona pa zithunzi, a nyumba ndi nsanja zowala magetsi amitundumitundu, ndi Ice and Snow World. Zonsezo amamanga ndi zidutswa za ayezi zodula mumtsinje wa Songhua. Tikiti ya munthu wamkulu yakhala ikuposa ma yuan 300, ndipo pogula ndi polowa pamafunika pasipoti. Mukafike cha m'ma 3 koloko masana. Dzuwa kumeneko limalowa cha m'ma 4, ndiye mudzaona ayeziyo kukuwala kenaka magetsi atayaka, pa tikiti imodzi yomweyo. Njira yosavuta ndi sitima yoyenda pansi pa nthaka ya Line 2, yomwe ili ndi siteshoni pomwepo. Sun Island, komwe kuli ziboliboli zikuluzikulu za sinowo, ndi ya masana ndipo muipatse tsiku lake. Kuphatikiza malo awiriwa tsiku limodzi n'kudzizunza. Zhaolin Park, komwe chionetsero cha nyali za ayezi chinayambira mu 1963, ndi yaing'ono, ili pafupi ndi Central Street, msewu wotchuka wa pakati pa mzindawu, ola limodzi likwana. Hotela funani cha komweko, ndipo musanalipire funsani ngati amalandira alendo akunja.

Tsopano nkhani yaikulu, kuzizira. Usiku kumafika madigiri 25 pansi pa ziro, nthawi zina kuposa apo. Chisanu cha ku Dedza mu Juni musachiyerekeze n'komwe. Valani mosanjikiza katatu: mkati zovala zothina zosunga kutentha, kumtunda ndi kumiyendo komwe, pakati juzi yaubweya, kunja jekete yaitali ya nthenga za bakha, yotchinga mphepo. Chokhudza khungu chisakhale cha thonje. Thonje limamwa thukuta n'kukhala lonyowa, ndiye mukatuluka m'sitolo yotentha kupita panja, chinyezicho ndicho chimakuziziritsani. Pa chifukwa chomwecho, jini payokha siithandiza. Jekete ya pakaunjika ikhoza kukhala yapakati, koma yakunja ndi nsapato mukagule konko ku China.

Anthu ambiri amagonja chifukwa cha mapazi, poti mumakhala mutaima pa ayezi maola awiri kapena atatu. Gulani nsapato za soli yochindikala, zokulirapo ndi saizi imodzi, kuti masokosi awiri alowe zala zikusewera. Nsapato ikathina magazi sayenda bwino ndipo phazi limazizira msanga, ngakhale masokosi achuluke bwanji. Timapaketi totenthetsa tomwe amatcha nuan baobao timapezeka m'masitolo ambiri. Matani pa sokosi kapena pa chovala, osati pakhungu, timawotcha. Chipewa chikwirire makutu, ndolo zachitsulo vulani, milomo pakani mafuta.

Chala kapena khutu likachita dzanzi, khungu n'kutuwa ndi kuuma gwa, lowani m'nyumba msanga. Osatikita, osayandikiza pa hita, chifukwa khungu ladzanzi limapsa inu osamva. Viikani m'madzi ofunda, madigiri 37 mpaka 39, ndipo pakatuluka matuza pitani kuchipatala.

Foni nayo imagonja. Batire ikazizira imatha mphamvu mwadzidzidzi, foni n'kuzima pomwe imaonetsa theka. Muziisunga m'thumba lamkati, muziitulutsa pojambula pokha. Izi si zazithunzi zokha ayi: ku China pafupifupi chilichonse mumalipira pafoni, kudzera pa mapulogalamu a Alipay kapena WeChat, choncho foni ikazima ndiye kuti taxi yobwerera kuhotela yavuta. Sungani ndalama zamapepala pang'ono ndi adiresi ya hotela yolembedwa m'Chitchaina. Power bank tengani, koma onetsetsani kuti ili ndi chizindikiro cha CCC, chosonyeza kuti ndi yovomerezeka ku China. Kuyambira mu Juni 2025, yopanda chizindikirochi saloledwa m'ndege zoyenda mkati mwa China, ndipo mudzaisiya pabwalo la ndege ku Guangzhou.