Amphaka a aneba, kadimba ka mpiru ndi galu wathu Akanene

Imelo yanu achemwali ndinaiwerengera m'basi m'mawa ndikuchokera ku ntchito ya usiku, ndipo tulo tonse tinabalalika. Kwa ena nonsenu, nkhani yake ndi iyi: mchemwali wathu wina wa ku Coventry, kuno ku England, akuti amphaka awiri a aneba asandutsa chimbudzi kadimba kake ka kuseri kwa nyumba komwe anabzala mpiru ndi chibwabwa. Iye ndi woyembekezera, ndipo akufunsa ngati a khonsolo angathandizepo. Pomaliza anawonjezera kuti, "kukanakhala kwathu bwenzi nditathana nawo kalekale." Mawu omalizawo ndi amene andikhazika pansi kuti ndilembe, chifukwa ndikudziwa bwino kuti "kuthana nawo" kwa kwathu n'kutani.

Ine ndinakulira ku Chilomoni. Amayi ankaweta nkhuku za mikolongwe m'kakhola ka nsungwi kuseri kwa khitchini, ndipo chaka china thadzi lina linaswa anapiye khumi ndi awiri. Sabata isanathe anatsala asanu ndi awiri. Wotola anali kudziwika, chona wakuda wa pa nyumba ya kumtunda, amene ankabwera dzuwa likamapendeka n'kukhala phee pa mulu wa njerwa ngati walipira lendi. Amayi anamanga chitenje n'kupita kukadandaula mwaulemu. Yankho limene anabwera nalo ndimalikumbukirabe mpaka lero: "Mphaka alibe mwini, mayi. Mwamuona atalembedwa dzina langa?" Koma madzulo aliwonse mayi omwewo ankamuitana pusi, pusi, n'kumuikira mitu ya usipa pa chivindikiro cha poto.

Amalume, amene nthawi imeneyo ankakhala nafe akufunafuna ntchito, anati nkhaniyo tiwasiyire. Anapita kumsika n'kukagula tameki wa m'kapepala, n'kumuwaza mu utumbo wa nsomba, n'kuika pa mulu wa njerwa uja usiku. M'mawa amene tinamupeza atagona chammbali pa khonde anali galu wathu, Akanene. Dzinalo anamupatsa ndi amayi pofuna kulasa aneba ena amiseche, monga timachitira kwathu. Ankanjenjemera thupi lonse ngati ali ndi malungo, thovu lili tuu kukamwa, miyendo ikupalasa pansi. Mchimwene wanga anamutsegula kukamwa ndi kamtengo n'kumuthira mkaka wosakaniza ndi makala osinja. Sanafike masana. Ndinali ndi zaka khumi, ndipo ndinalira kuposa mmene ndinalirira pa maliro ena a anthu, Mulungu andikhululukire. Chona uja anakhalabe zaka zina zambiri, akudya anapiye a anthu, ndipo mpanda wonse unagwirizana kuti ndi wokhwima, si mphaka wamba. Amayi ndi mayi a kumtunda aja sanapatsanenso moni mpaka tinasamuka.

Ndiye achemwali mukati kwathu tikanathana nawo, ine chimene ndimaona ndi miyendo ya Akanene ikupalasa simenti.

Kwa agogo ku Ntcheu mphaka anali wantchito basi. Ankagona pansi pa nkhokwe, malipiro ake anali makoswe ndi mkute wa nsima. Mbuzi ikalowa m'munda wa munthu, mwini wake ankaitanidwa kwa amfumu n'kukalipa. Za mphaka palibe ankapita nazo kubwalo. Ngakhale a boma akalengeza kuti agalu onse amangidwe chifukwa cha chiwewe, palibe ankaganiza zomanga mphaka, ngakhale nayenso amatha kudwala chiwewe n'kupatsira munthu. Ndinkaganiza kuti zimenezi ndi zakumudzi. Ndinadabwa nditafika kuno kupeza kuti dziko la malamulo ambirimbiri ngati lino, kumene ngakhale bini ili ndi tsiku lake lotulutsira, nalonso pa mphaka linangokweza manja.

Chaka changa choyamba kukhala m'nyumba ya kabwalo kumbuyo, ndinalima kabedi kamodzi. Mbewu za maungu ananditumizira azakhali a ku Leeds m'envulopu. Ndinagula matumba atatu a kompositi, ndinatipula, ndinasalaza bwinobwino. Sindinkadziwa kuti kwa mphaka dothi lofewa choncho ndi chimbudzi cha hotela. Tsiku lina ndikuzula udzu ndi manja, chala changa chinalowa mu chinthu chofewa chokwiriridwa mwaluso. Fungo lake, amene mukulidziwa mukulidziwa. Ndinasamba m'manja kanayi, koma nsima ya tsiku limenelo ndinadya ndi supuni.

Ndinakagogoda kwa aneba, mayi wachikulire wansangala ndithu. Anandimvetsera, anapepesa pang'ono, kenako anaseka n'kunena kuti mphaka ndi mphaka, palibe angamuuze kopita. Ndinangoti ha, mayi a ku Chilomoni aja anditsatira mpaka kuno, angosintha khungu. Ndinaimba foni kukhonsolo. Mtsikana amene anayankha anandiuza mofatsa kuti iwo alibe mphamvu pa mphaka woyendayenda, ndipo ankanena zoona.

Malamulo a ku England anakhala motere. Lamulo la Animals Act la 1971 limati ziweto monga ng'ombe, nkhosa, mbuzi, nkhumba, akavalo ngakhale nkhuku zikalowa pa malo a munthu n'kuwononga, mwini wake alipire. Mphaka pa mndandandawo palibe. Galu akachita chimbudzi pa msewu iwe osatola, akhoza kukutchaja £100 pomwepo, ndipo ikafika kukhoti imatha kukwera mpaka £1,000. Mphaka akachita zomwezo pa mpiru wanu, palibe mlandu. Ngakhale pa msewu, lamulo la Road Traffic Act la 1988 limati ukagunda galu, mbuzi kapena bulu uime ndi kukanena, koma mphaka silimutchula. Chimene chinasintha n'chakuti kuyambira pa 10 June 2024 mphaka aliyense wa ku England ayenera kuikidwa microchip, kachipangizo konga kanjere ka mpunga kamene amakabaya pansi pa khungu la pakhosi, asanakwanitse masabata 20. Akakupeza usanaike amakupatsa masiku 21, ukakanika chindapusa chimafika £500. Ndiye lero mphaka "analembedwa dzina", funso la mayi a kumtunda lija layankhidwa. Koma kachipangizoko ntchito yake ndi yobwezera mphaka wosochera kwa mwini wake. Za dimba lanu sikakhudzako.

Tsono tembenuzani, muone mmene lamulo limamutetezera. Kuvulaza mphaka kapena kumuikira poizoni ndi mlandu pansi pa Animal Welfare Act ya 2006, ndipo kuyambira 2021 nkhanza zazikulu kwa nyama zimatha kukulowetsa m'ndende zaka zisanu. Kumugwira n'kukamutaya kutali, njira imene ena kwathu amaiona ngati yachifundo, nakonso n'koopsa: mphaka ndi katundu wa munthu, ndipo mu August 2024 kunayamba kugwira ntchito lamulo la Pet Abduction Act limene linaika kuba galu kapena mphaka ngati mlandu pawokha. Kwa ife a mapepala ongowonjezera zaka ziwiri zitatu, mlandu wotere ukhoza kukuthera visa. Tangoganizani kutsika pa Chileka, abale n'kumafunsa chakubwezani n'chiyani, inu n'kuti mphaka.

Apa ndiye ndiyankhule zakukhosi, okonda amphaka mundikhululukire kapena musandikhululukire. Ufulu umene amati mphaka ali nawo woyenda paliponse, amene amaudyerera ndi mwini wake. Iye amasangalala ndi mphaka pa sofa madzulo, kumusisita, kumujambula n'kuika pa Facebook, koma ntchito yonyansa ya mphakayo imagwera ine amene sindinamupemphe. Ambiri amene amatulutsa amphaka awo panja m'nyumba mulibe n'kabokosi ka mchenga komwe, ndipo amadziwa bwino lomwe kuti chimene mphaka wadya chikatuluka kwinakwake, bola kusakhale kwawo. Dziko lino lili ndi amphaka oweta oposa 10 miliyoni. Mawu akuti "palibe angamuuze kopita" ndi bodza la ulesi. Chitseko chimene mphaka amatulukira anaboola ndi munthu.

Ndipo kwina anthu anamuuza kopita. Ku Canberra, likulu la Australia, mphaka aliyense wobadwa kuyambira pa 1 July 2022 ayenera kukhala m'nyumba kapena mu mpanda wotseka usana ndi usiku, chifukwa amphaka atha tinyama ndi mbalame za m'dzikomo zimene kwina kulibe. Ku Germany, m'tauni ya Walldorf, mu 2022 akuluakulu analamula kuti amphaka a dera lina asatuluke mpaka kumapeto kwa August pofuna kuteteza timbalame tina ta kansonga pamutu timene timaikira mazira pansi, ndipo wotulutsa mphaka ankayembekezera chindapusa cha €500. Eni amphaka analira mokweza, koma dziko silinathe. Kuno ukangotchula zotsekera mphaka m'nyumba amakuyang'ana ngati wanena kuti timange agogo awo.

Komanso ifeyo tisadziyeretse. Ndakhalapo pa maphwando a Amalawi pamene mphaka wa mzungu wa pafupi wangodutsa pa fensi, azimayi ena n'kuyamba kudzudzula mizimu mokweza. Mnzanga wina wogwira ntchito yosamalira okalamba anakana kubwerera kwa gogo wina chifukwa mphaka wa m'nyumbamo ankamuyang'anitsitsa. Achemwali, mphaka wa aneba anuwo sanatumidwe ndi munthu wa kumudzi. Kamukoka ndi dothi lofewa. Ndikunena izi chifukwa mantha amenewa ndi amene amapangitsa munthu wabwinobwino kuona ngati kupha mphaka si kanthu.

Pano ndiulule chimene owerenga akale a pano akuchidziwa: inenso lero ndili ndi mphaka. Mwana wanga wamkazi anabwera naye m'katoni ali kamwana, akuti mnzake wa kusukulu amafuna kukamusiya kosungira nyama. Ndinakana masiku atatu, lachinayi ndinapezeka ndikumufundisa ndi juzi yanga. Patapita miyezi, kunabwera bambo wa nyumba yachitatu kuchokera kwathu, chipewa m'manja, kudzandiuza kuti mphaka wathu akukumba pa anyezi wake. Mawu oyamba amene anafika pa lilime langa anali omwe aja, akuti mwatsimikiza bwanji kuti ndi wathu. Ndinawameza, koma anafika, ndipo ndinachita manyazi ndekha. Tinakamuthenetsa kwa dokotala wa ziweto, zimene zinachepetsa kuyendayenda ndi ndewu za usiku. Ndinagula kabokosi ka mchenga, ndipo amene amakatsuka ndi mwini mphaka, osati ine. Kunja amatuluka masana okha, kukada amalowa. Bambo uja ndinamugulira waya wa nkhuku, ndipo chaka chino anandipatsa anyezi wodzaza pepala la pulasitiki. Sindikuti mphakayo anasiyiratu, mwina amapitabe kwa ena amene sanabwere kudzagogoda.

Nanga inu muchite chiyani?

Choyamba ndi mimbayo. M'chimbudzi cha mphaka mumatha kukhala tizilombo toyambitsa toxoplasmosis, matenda amene kwa munthu wamkulu nthawi zambiri saonekera n'komwe koma akhoza kuvulaza mwana wosabadwa, ndipo timakhala m'dothi miyezi yambiri. Musagwire dothilo opanda magulovu, zotola azitola bambo a kunyumba tsiku lililonse, ndiwo muzitsuka bwino ndi kuphika, ndipo muwauze anamwino a sikelo. Kenako yalani waya wa nkhuku pa bedi, mbewu zimamera m'mabowomo koma mphaka sangakumbe, ndipo dothi lizikhala lonyowa chifukwa amadana nalo. Ngati thumba likulola, pali kampopi kamene kamapopera madzi kakaona chinthu chikuyenda, kameneko ndi kamene kanandithandiza ine. Makoko a malalanje ndinayesa, mphaka anangowalambalala. Kwa aneba mupite ndi nkhani ya mimba, osati ya mpiru, ndipo muwapemphe kabokosi ka mchenga m'nyumba mwawo. A khonsolo, nthambi ya zaumoyo wa malo, amalowererapo pokhapokha ngati nyumba ili ndi amphaka ochuluka mpaka fungo ndi ntchentche zikuvutitsa anthu, ndiye awiriwo musayembekezere zambiri.

Za chibwabwa, mwati masamba akuchita chikasu. Ameneyo si mphaka, mwachedwa kubzala ndipo usiku wayamba kuzizira. Chaka chamawa mufese m'timiphika pawindo mu April, mukaokere panja kumapeto kwa May chisanu chikatha. Mbewu za azakhali zija ndikadali nazo m'botolo la khofi, munditumizire adiresi.