Za zithunzi za Bellocq: gulani buku, za pa intanetizo zisiyeni

Achemwali, mwafunsa komwe mungagule chithunzi cha azimayi oyendayenda a ku Storyville, dera lakale la uhule mumzinda wa New Orleans ku America, choti mupachike mu situdiyo, komanso malo ogona ku New Orleans. Ndiyankhapo za zithunzi zokha.

Zithunzizo anajambula ndi E. J. Bellocq. Anthu a pa intaneti otsatsa "chithunzi chenicheni cha Bellocq" pa madola 40 kapena 50 aja musawapatse ndalama. Ine wina anandigulitsa chotero, chitafika ndinapeza kuti ndi pepala lonyezimira lotuluka mu printa wamba, nkhope ili bii, maluwa a pakhoma osaoneka n'komwe. Ndalama zanga zinapita.

E. J. Bellocq ankajambula pa magalasi, cha m'ma 1912, ndipo anamwalira mu 1949 anthu asakudziwa za ntchitoyi. Magalasi 89 a zithunzizo anadzawagula wojambula wina, Lee Friedlander, mu 1966, n'kutsuka yekha zithunzi zomwe zinaonetsedwa ku Museum of Modern Art ku New York mu 1970. Zotsukidwa ndi iyeyo zimagulitsidwa madola masauzande, ndiye cha madola 50 chichokera kuti?

Funani buku la zithunzi za Bellocq la 1996, lomwe mawu ake oyamba analemba mlembi wa ku America Susan Sontag. Lakaunjika limapezeka, mtengo wake kutengera kasungidwe. Mmenemo ndi momwe mungaone chomwe chimandikhudza mtima pa ntchito ya bamboyu. Azimayiwo akuoneka omasuka, ali m'zipinda zawo pakati pa katundu wawo. Wina wanyamula galu wake, wina wavala masokosi amizeremizere, wakweza tambula pafupi ndi botolo la Raleigh Rye. Ena abisa nkhope ndi chigoba, ndipo ena nkhope zawo zinakandidwa pagalasi pomwepo. Amene amati anakanda ndi m'bale wake wa Bellocq, wansembe wotchedwa Leo, akungobwereza mphekesera. Akatswiri ambiri amati kukandako kunachitika mankhwala a pagalasi asanaume, zomwe zikuloza kwa Bellocq mwini wakeyo.

Dziwaninso kuti ambiri mwa azimayiwa ali maliseche, choncho ganizirani makasitomala obwera ndi ana musanapachike chilichonse.

Mukafika ku New Orleans musalipire munthu wolonjeza kukuonetsani nyumba za Storyville. Deralo linatsegulidwa mu 1897, linatsekedwa mu 1917, ndipo nyumba pafupifupi zonse anazigwetsa pomanga nyumba zaboma za Iberville cha m'ma 1940.