Mafunso pa Chichewa: kudina, kukanikiza ndi kutchera pa wailesi ya gulu

Funso: Aphunzitsi, tili ndi kalabu ya okonda wailesi za amateur, zija anthu amalankhulirana okhaokha pamphepo atatenga laisensi. Makina tili nawo amodzi ndipo tonse timadalira omwewo. Anzanga andituma kuti ndilembe malangizo m'Chichewa oti timate pakhoma. Mutu ndalemba kuti "Wailesi Yogawana", koma mkulu wina wakana, akuti sizikumveka. Kodi ndi zoona?

Yankho: Mkuluyo akunena zoona. Kugawana ndi kupatula chinthu kuti aliyense atenge gawo lake n'kupita nalo. Timagawana ndalama, timagawana ntchito. Mukagawana wailesi ndiye kuti wina wanyamula maikolofoni, wina eriyo, wina mawaya, ndipo patebulo patsala fumbi. Zomwe mumachita inu ndi kusinthana kapena kulandirana: mmodzi akhala pampando, akamaliza adzuka, wina akhalapo. Lembani "Wailesi ya Gulu". Pomwe mukufuna kuisiyanitsa ndi wailesi yongomvera nkhani ndi nyimbo, nenani kuti "wailesi yolankhulirana". Kaphatikizo kaja ka -an- kakunena kale kuti mawu akupita uku ndi uku, ndipo makinawo ndi otero ndithu: chotumizira ndi cholandirira zili m'bokosi limodzi.

Funso: Chandivuta kwambiri ndi aneni. Pa makinawa pali mabatani ndi zozunguza zambirimbiri, koma ndikaona zomwe ndalemba, paliponse pali "tsegulani", "dinani" ndi "kwezani". Mnzathu wina watsopano ndinamuuza kuti akweze wailesi, iye n'kukweza china chake. Kodi Chichewa chili ndi mawu okwanira pa zimenezi?

Yankho: Chili nawo, ndipo ngochuluka kuposa omwe mwagwiritsa ntchito. Vuto ndi loti pocheza timalola mneni mmodzi kugwira ntchito zingapo, popeza womvayo akuona dzanja lathu komwe likuloza. Papepala la pakhoma palibe dzanja loloza. Munthu akuwerenga ali yekha m'chipindamo, ndiye mneni aliyense mumupatse ntchito imodzi yokha.

Tiyambe ndi magetsi. Ambiri timati "tsegula wailesi", "tseka wailesi", ndipo si kulakwa. Koma pa wailesi yolankhulirana sungani kuyatsa ndi kuzimitsa kuti zikhale za magetsi basi, chifukwa pali china chomwe chimatsegukadi ndi kutsekeka. Ndi chija chalembedwa SQL. Wailesi ikakhala pa FM popanda wolankhula imangolira kuti shiii osalekeza, ndipo SQL imatseka sipika mpaka patabwera mawu amphamvu ndithu oti aitsegule. Kaikidwe kake nkosavuta: mupotokole kumanzere mpaka phokosolo limveke, kenako mubwerere kumanja pang'onopang'ono, muime pomwe langothera kumene. Mukapitirira pamenepo, m'chipinda mukhala zii, koma mnzanu wakutali yemwe mawu ake akufika mofooka adzakuitanani mpaka kutopa inu osadziwa. Tsono mukalemba kuti "tsekani" pa magetsi ndi pa SQL pomwe, wowerenga asankha yekha, ndipo theka la nthawi asankha molakwa.

Pa mabatani, siyanitsani kudina ndi kukanikiza. Kudina ndi kugunda kamodzi n'kuchotsa chala. Kukanikiza kuli ndi kulemera ndi kukhalitsa, chala chimatsala pomwepo. Kusiyanaku si kwa m'buku la galamala chabe, pakuti mawailesi ambiri amakono apereka ntchito ziwiri kwa batani limodzi: mukalidina lichita china, mukalikanikiza kwa sekondi imodzi kapena kuposerapo lichita chinanso. Batani la pa maikolofoni, lija la PTT, ndi lokanikiza. Nthawi yonse yomwe chala chili pamenepo wailesi ikutumiza, ndipo inu simungamve kanthu kuchokera kwa mnzanuyo ngakhale atafuula chotani. Atsopano ambiri amayamba kulankhula chala chisanafike, mawu oyamba n'kuduka, ndiye lembani kuti: "Kanikizani PTT, pumani kamodzi, kenako lankhulani. Mukamaliza siyani batanilo." Ndikudziwa kuti pakamwa timati "taya!" pouza munthu kuti asiye chomwe wagwira, koma "tayani maikolofoni" musalembe pakhoma. Komanso onetsetsani kuti simunalembe "dindani". Kudinda ndi kwa chidindo cha mu ofesi.

Zozunguza zili mitundu iwiri. Zing'onozing'ono zija zili ndi poyambira ndi pothera, izo timapotokola. Chachikulu chija chapakati, chosinthira frequency, chimangoyenda osafika pamapeto, ndipo chimapepuka moti chala chimodzi chikwanira. Icho timazunguza. Kutembenuza kusiyeni, chifukwa tikatembenuza chinthu, chakumwamba chimapita pansi. Pa mbali, "kumanja" ndi "kumanzere" akukwana, musavutike ndi chiganizo chachitali chofotokoza m'mene muvi wa wotchi umayendera.

Ntchito yomwe chachikulucho chimagwira ili ndi mneni wake wabwino zedi, kutchera. Timatchera khutu, timatchera msampha, kutanthauza kuika chinthu pamalo enieni n'kudikira. Choncho chozunguzacho mungachitche chotcherera, ndipo aliyense amva. Pa FM kutchera sikuvuta. Pa SSB, njira ina yotumizira mawu yosiyana ndi FM, ndiye pamafunika dzanja lofatsa: mukaphonya ndi mahertz mazana ochepa chabe, mawu a mnzanu amamveka opyapyala kwambiri kapena a besi mosadziwika bwino, mpaka mutasuntha pang'ono n'kumupeza ali munthu.

Tsopano kukweza, komwe kunasokoneza mnzanu uja. Sanalakwe iye. "Kwezani wailesi" pa makina amenewa angatanthauze zinthu zinayi. AF ndi kukula kwa mawu otuluka mu sipika, zomwe zimakhudza makutu anu okha. RF GAIN ndi kuchuluka kwa zomwe wailesi ikulola kulowa kuchokera ku eriyo, ndipo phokoso likachuluka nthawi zina kuchepetsa kumeneku ndi komwe kumathandiza. RF POWER ndi mphamvu yomwe mukutumiza, pa mawailesi ambiri a patebulo imafika mawati 100, ngakhale alipo okonda kulankhula ndi maiko akutali pa mawati 5 okha. MIC GAIN ndi kukula kwa mawu anu polowa m'makina, ndipo imeneyi ndi yomwe imayambanitsa anthu: mukaipitiriza, mita ya ALC, yosonyeza ngati mawu anu alowa mopyola muyezo, idumpha malire ake, mawu anu aphwanyika n'kusefukira pa ma frequency a anzanu oyandikana nanu. Langizo langa ndi ili: kukweza ndi kutsitsa zikhale za mawu a mu sipika, kuonjezera ndi kuchepetsa zikhale za zinazo, ndipo nthawi zonse mutchule dzina la chomwe akugwira. "Tsitsani AF." "Chepetsani RF POWER kufika mawati 10."

Mwaona kuti zilembo za pa makinazo sindinazimasulire. Musazimasulire. Munthu akuyang'ana pepala kenako akuyang'ana makina, ndipo zomwe waona uku ayenera kuzipeza uko. Chichewa chigwire ntchito pa mneni ndi pa kufotokoza.

Funso: Ndalemba kuti "Mudzitchula dzina la siteshoni pafupipafupi" ndi "Mukazimitse wailesi, chotsani eriyo". Wina wazungulira ziganizo zonse ziwiri ndi cholembera chofiira osanena chifukwa.

Yankho: Wacholemberayo wagwira zinthu ziwiri zomwe zimagwetsa olemba ambiri. Choyamba, -zi- ndi -dzi- si amodzi. Kaphatikizo ka -zi- kamanena zoyenera kuchitika nthawi zonse: muzilemba, muzifunsa, muzimvetsera. Ka -dzi- kamabweza ntchito kwa mwini wake: kudzicheka, kudzitama. Ndiye chiganizo chanu chikhale "Muzitchula dzina la siteshoni pafupipafupi". Mukafuna, onse awiri angakhale m'mawu amodzi, "muzidzitchula", ndipo ndi Chichewa chabwinobwino: -zi- walamula, -dzi- wanena kuti wotchulidwayo ndi inu nomwe. Lamulo lenilenilo si la kalabu yanu yokha. Malamulo a bungwe la ITU, lomwe lili ku Geneva, amafuna kuti siteshoni izidzitchula pafupipafupi ikamatumiza, ndipo zilembo zoyambirira za dzinalo zimasonyeza dziko: ZS ndi South Africa, 9J ndi Zambia, 7Q ndi Malawi, JA ndi Japan. Pa wailesi ya gulu lembani momveka kuti dzina loti atchule ndi liti, la kalabu kapena la mwini wake, malinga ndi zomwe laisensi yanu ikunena.

Chachiwiri ndi chilembo chimodzi chakumapeto. "Mukazimitse" ndi kutuma munthu kuti apite akazimitse. "Mukazimitsa" ndi kunena nthawi, ndiye kuti mutatha kuzimitsa. Mumafuna chachiwirichi: "Mukazimitsa wailesi, chotsani eriyo." Langizolo ndi lanzeru chifukwa cha ziphaliwali, koma lili ndi mnzake yemwe musamuiwale. Ngati wotsiriza wachotsa eriyo, wobwera mawa aipeza yosalumikiza, ndipo kutumiza popanda eriyo kumabweza mphamvu yonse m'makina momwemo, zomwe zingathe kuononga chotumizira. Pamwamba penipeni pa pepalalo palembedwe: "Musanayatse, lumikizani eriyo. Musanalankhule, yesani SWR pa mphamvu yochepa." SWR ndi muyezo wosonyeza kuchuluka kwa mphamvu yomwe ikubwerera m'makina m'malo motuluka pa eriyo.

Poti tafika pa za wobwera mawa, onjezerani ndime ya -zi- yokhayokha ya zomwe munthu azibwezera asanadzuke pampando. Ziwiri zomwe zimazunza anthu kwambiri ndi RIT ndi SPLIT. RIT imasuntha pomwe mukumvera koma osasuntha pomwe mukutumizira. SPLIT imachititsa kuti muzimvera pena n'kumatumiza pena. Zonse zili ndi ntchito yake, koma zikasiyidwa zoyaka, wotsatirayo amaitana osayankhidwa n'kuyamba kuganiza kuti makina afa. Chimodzimodzi USB ndi LSB, mbali ziwiri za SSB: mwa chizolowezi cha amateur padziko lonse, polankhula pansi pa 10 MHz amagwiritsa ntchito LSB, pamwamba pake USB, kotero pa 7 MHz ndi LSB, pa 14 MHz ndi USB. Wina akasiya mbali yolakwika, mawu a anthu amamveka ngati akulankhula koma osatolapo liwu ndi limodzi lomwe, ngakhale muzunguze chotcherera mpaka dzanja kuwawa.

Funso: Pofunsa mnzanga pamphepo ndizinena kuti "Mukundimva?" kapena "Ndikumveka?"

Yankho: Onse ndi olondola, koma safunsa chinthu chimodzi. "Mukundimva?" akufunsa za iye, ndipo yankho lake ndi eya kapena ayi. "Ndikumveka bwanji?" akufunsa za mawu anuwo, m'mene akufikira, ndipo ndi funso lomwe limabweretsa yankho lothandiza. Amateur amayankha ndi manambala awiri. Yoyamba, kuyambira 1 mpaka 5, ndi kumveka kwa mawu. Yachiwiri, kuyambira 1 mpaka 9, ndi mphamvu yomwe afika nayo. Pa Morse, uthenga wotumizidwa ndi kulira kwakufupi ndi kwakutali m'malo mwa mawu, pamabwera yachitatu, ya kuyera kwa kaliridwe. Ndiye 59 ndi kumveka bwino zedi ndi mphamvu zonse, pomwe 52 ndi munthu yemwe akufika mofooka koma liwu lililonse likutoleka, ndipo 39 ndi wamphamvu koma wovuta kumutsatira, mwina uja wapitiriza MIC GAIN. Chichewa chimagawa bwino pamenepa: "mukumveka bwino koma mukufika mofooka".

Papepala lanu, pa lamulo loti munthu ayambe wamva ngati pali ena asanakanikize PTT, lembani "mvetserani". Kumva kumangochitika, kumvera kumasokonezeka ndi kumvera lamulo, koma kumvetsera ndi kutchera khutu mwadala. Akamvetsera kwa kanthawi afunsenso kuti "Kodi pali wina pano?", pakuti pa ma frequency opita kutali zimatheka kuti awiri akucheza koma inu mukumva mmodzi yekha, ndipo mwafika nthawi yomwe wolankhula ndi uja simukumumvayo.

Funso: Nanga Alfa, Bravo, Charlie, ma QRM ndi 73, tiwapezere Chichewa?

Yankho: Ayi, asiyeni. Mawu otchulira zilembo aja anakhazikika m'chaka cha 1956 atayesedwa pa anthu a zilankhulo zosiyanasiyana, ndipo phindu lake ndi loti munthu wa ku Brazil ndi wa ku Japan amawadziwa mofanana. Zidule zoyamba ndi Q, monga QRM (kusokonezedwa ndi masiteshoni ena) ndi QSL (uthenga kapena khadi lotsimikiza kuti mwalankhulana), zinalowa m'pangano la maiko ku London mu 1912, ndipo 73, moni wotsanzikira uja, anachokera kwa anthu a telegalafu a zaka za m'ma 1800. Kucheza kwenikweniko chitani m'Chichewa ngati mnzanuyo akuchimva. Chomwe malamulo amaletsa ndi kubisa dala tanthauzo la uthenga, osati kulankhula chilankhulo chanu. Polemba, zidulezi zimatenga mgwirizano wa gulu la i- ndi zi-, monga mawu ambiri obwereka: "QRM yachuluka", "QSL yafika". Pochulukitsa ikani ma patsogolo motalikitsa, "ma QSL atatu". M'buku lolembamo omwe mwalankhula nawo, nthawi izilembedwa ya UTC, nthawi imodzi ya dziko lonse yomwe ili maola awiri kumbuyo kwa ya ku Malawi, ndi manambala anayi, monga 1630, osati "hafu sikisi madzulo", chifukwa kwa yemwe mwalankhula nayeyo mwina kukucha kumene, ndipo mabuku anu awiriwo ayenera kugwirizana.