Funsani kukhonsolo musanakumbe maziko

Mayi, mwalemba kuti nyumba yanu ku Leicester ndi yogundana ndi ina mbali imodzi, ndipo mukufuna kukulitsa khitchini ndi mamita 4 chakumbuyo. Mmisiri akuti mungoyamba, ndiye mukufunsa ngati kulipira khonsolo kuti ikuunikireni musanapemphe chilolezo sikutaya ndalama chabe.

Mmisiriyo musamumvere, chonde. Ku England, nyumba ngati yanu mutha kuitalikitsa kumbuyo ndi mamita 3 okha osapempha chilolezo cha mapulani (planning permission), malinga chipindacho chikhale chosasanja. Mukapyola apo, mpaka mamita 6, lamulo likuti mudziwitse khonsolo kaye. Iyo imalembera aneba anu, ndipo ili ndi masiku 42 oti ikuyankheni. Mita imodzi yapamwambayo ndi imene yakulowetsani m'ndondomeko imeneyi. Komanso ngati msewu wanu uli m'dera lotetezedwa chifukwa cha nyumba zakale, njira yachiduleyi palibe, mufunika chilolezo chonse.

Apa ndi pamene upangiri woyambirira, umene iwo amati pre-application advice, umathandiza. Mumatumiza pulani yokhala ndi miyeso, zithunzi za kuseri kwa nyumba, ndi kutalika kwa khoma limene mukufuna. Wa kukhonsolo amakuuzani msanga zimene zingakugwetseni: khoma lotsekereza dzuwa pa zenera la neba, kapena zenera lanu losuzumira m'bwalo mwake. Kusuntha khoma papepala n'kosavuta. Kuligumula njerwa zitauma ndi misozi. Lamulo la Local Government Act la 2003 limalola makhonsolo kulipiritsa ntchitoyi, koma mongobweza zimene awononga, n'chifukwa chake mtengo umasiyana khonsolo ndi khonsolo.

Chimene ndikufuna mugwiritsitse ndi ichi: upangiriwo si chilolezo. Ndi maganizo a wogwira ntchito mmodzi, ndipo khonsolo ikhoza kugamula mosiyana ikamva madandaulo a aneba, amene amapatsidwa masiku 21. Pempho lenileni la chilolezo limayenera kuyankhidwa pasanathe masabata 8. Akakukanizani, muli ndi masabata 12 ochita apilo ku Planning Inspectorate, bungwe la boma lomva maapilo a zomangamanga, koma kalata ya upangiri yokha simungaichitire apilo.

Mukamanga mwakabisira, kuyambira Epulo 2024 khonsolo ili ndi zaka 10 zokutsatirani, ndipo ikhoza kulamula kuti mugwetse. Tsiku logulitsa nyumbayo, loya wa wogula adzafunanso mapepala ake.

Yankho la khonsolo pa upangiriwo likhale lolembedwa, osati la pafoni, ndipo mudzalitumize limodzi ndi pempho lanu.